Sutikesi ya Achimwene

Achimwene anga amapha nsikidzi. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa eni akewo anatha zaka zambiri osawatchula, ndipo ine ndinatsala pang'ono kupenga nawo.

Kumene timakhala anthu amawatchula kuti a Sutikesi. Mpope wa mankhwala, tochi, magolovesi ndi chophimba kumphuno, zonsezi amaziika m'sutikesi yabulauni ya matayala, n'kuvala jekete, n'kukagogoda pakhomo ngati mlendo wochokera kutali. Aneba akasuzumira pawindo amangoti kwa uje kwabwera achibale. Ovololo amavalira m'kati chitseko chitatsekedwa. Akamaliza amatuluka ndi jekete lomwe lija n'kutsanzika mokweza kuti, "Tapita, mupereke moni kwa ana." Ndipo ngakhale muwagwire pakhosi sangakuuzeni nyumba imene analowa. Ine mlongo wawo weniweni ndayesapo kuwafunsa mozungulira tili pa tiyi, koma amangondiyang'ana ngati ndapempha chinthu chonyansa.

Ine ndimakonza masamba a pa intaneti. Ndinayamba ngati taipisiti, ofesi yathu itatsekedwa ndinadziphunzitsa ntchito iyi, ndipo pano ndili ndi kachipinda kuseri kwa shopu yogulitsa mapepala. Makasitomala anga ndi atelala, okonza mafiriji ndi mayi wina wophika makeke. Kukongoletsa tsamba si nkhani, aliyense angathe. Ntchito yeniyeni ndi yakuti munthu akalemba vuto lake m'kabokosi kofufuzira pa foni, tsamba la kasitomala wanga litulukire pamwamba, pamene maso amayambira. Makina ofufuzira amenewa amangoyerekeza mawu amene munthu walemba ndi mawu amene ali pa tsamba lanu. Ngati mawuwo palibe, ndiye kuti kwa makinawo inu simunabadwe.

Tsamba la achimwene ndinawapangira kalekale, koma mawu ake anandilembetsa okha ataima kumbuyo kwanga. Pamwamba panalembedwa kuti "Ukhondo ndi Mtendere wa Pakhomo." Pansi pake, "Timathandiza mabanja pa nkhani za m'nyumba mwaulemu." Basi. Chaka chonse anaimbiridwa ndi anthu awiri okha amene ndikuwakumbukira: bambo wina wofuna munthu wokolopa, ndi mayi wina amene ankafuna malangizo chifukwa amuna ake sankagona pakhomo.

Kale zinkayenda popanda tsamba. Munthu akavutika ankanong'oneza mnzake wapamtima, mnzakeyo n'kumupatsa nambala ya a Sutikesi. Masiku ano anthu sanong'onezana, amafunsa foni. Ntchito zinayamba kupita kwa anyamata ena a galimoto yojambulidwa mphemvu yaikulu pachitseko, ndipo sutikesi ya achimwene inayamba kuchita fumbi kuseri kwa sofa.

Tsiku lina masana anabwera ku kachipinda kanga, anakhala pampando wa makasitomala n'kuyamba kusisita bondo lawo lija lovuta.

"Chemwali, mpope uja ndikugulitsa," anatero. "Kwapezeka malo a ulonda kumalo osungira katundu."

"Ulonda? Ndi bondo limenelo? Mbava zikabwera mudzazipempha kuti zithamange pang'onopang'ono?"

"Usandiseke."

"Sindikuseka, ndapsa mtima. Ntchito mumaidziwa kuposa anyamata a mphemvu aja. Vuto ndi limodzi, achimwene. Ndiloleni ndilembe mawu aja pa tsamba."

"Mawu ati?"

"Nsikidzi."

Anatembenuka kuyang'ana kukhomo ngati ndatukwana m'tchalitchi. Mtsikana wa m'shopu ankangowerenga foni yake, sanamve n'komwe.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Chimwalirireni alamu anga, achimwene alera okha mwana wawo wamkazi, ndipo mtsikanayo tsopano anali pa chibwenzi cholimba ndi mnyamata wa ku banki. Mnyamatayo ndi wabwino. Amayi ake ndi amene anali nkhani. Anabwerako kamodzi kwa achimwene kudzaona kumene mpongozi wawo akuchokera, ndipo asanakhale pansi anatulutsa mpango m'chikwama n'kupukuta mpando, tonse tikuona. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinawapatsa dzina loti Mayi Pukutani. Atafunsa za ntchito, mwana wathu anayankha msangamsanga kuti, "Bambo ali mu zaukhondo." Achimwene anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti mawu a mwana wawowo awalasa, koma sanatsutse.

"Mwana wanga akalowe m'banja limenelija akutchedwa mwana wa wopha tizilombo ta pabedi?" anatero tsopano. "Bola ulonda."

Ndinakoka mpando wawo kuti uyandikire kompyuta. Ndinalibe mawu ena owauza, ndinangofuna aone chinthu chimene ine chimandisangalatsa pa ntchito yanga.

"Taonani kabokosi aka. Ndikayamba kulemba, kamandimalizira chiganizo. Sikalosera ayi, kamangoonetsa zimene anthu ambiri akhala akulemba. Tiyeni tione zimene anthu amafunsa akakhala okha."

Ndinalemba mawu oletsedwa aja. Pansi pake panatsika mizere. Achimwene anavala magalasi.

Nsikidzi zimabwera chifukwa cha uve kodi. Nsikidzi pamatiresi atsopano. Kupha nsikidzi aneba osadziwa. Kupha nsikidzi msanga alendo asanabwere. Wopha nsikidzi wosaulula.

Anawerenga milomo ikuyenda, kenako anabwerezanso kuyambira pamwamba.

"Amenewa ndi anthu enieni?"

"Enieni, a manyazi ngati inu nomwe."

"Uyu wofunsa za uveyu," anatero akuloza ndi chala, "wina amuuze kuti si uve. Ndazipezapo m'nyumba zoti pansi ungadyerepo. Zimakwera basi, zimabwera m'chikwama cha mwana wa kusukulu yogonera, zimabisala m'sofa yogula kwa munthu. Sizifunsa kuti mumakolopa kangati."

"Ndiye amuuza ndani? Inu mwabisala kuseri kwa mtendere wa pakhomo."

Maso awo anali pa mzere womaliza uja. Ine pamenepo mutu unatseguka. Zaka zonsezi ndinkaona ngati kusalankhula kwa achimwene ndi matenda ofunika kuchiza, osadziwa kuti ndi katundu amene anthu akumusaka pa foni. Anyamata a galimoto ya mphemvu akaima pageti panu, msewu wonse umadziwa. Zimene anthu ankafuna zinali m'sutikesi yabulauni ija.

Tinagwirizana movutikira. Dzina lawo lisalembedwe, chithunzi chawo chisaikidwe, ndipo nambala ya pa tsamba ikhale yatsopano, yosadziwika kwa achibale. Nditavomera zonsezo anausa moyo n'kunena kuti, "Chabwino, ndiye lemba mawu akowo tsamba lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, tithane nazo."

"Sizitero. Mukabwereza mawu amodzimodzi ngati wogulitsa pamsika, makinawo amazindikira kuti mukuwapusitsa, n'kukukankhirani kumbuyo. Amafuna tsamba loyankha zimene munthu wafunsa. Inu muziyankha, ine ndizilemba."

Mutu wa tsamba ndinaulemba kuti "Kupha nsikidzi mwakachetechete, aneba osadziwa," n'kuwonjezera dzina la tauni yathu kuti ofufuza apafupi atipeze. Funso lililonse la m'kabokosi kaja ndinalisandutsa kamutu, ndipo pansi pake ndinalemba yankho la achimwene. Munthu amene kunyumba amatulutsa mawu ngati akuwagula analankhula mpaka tiyi anazizira. Anandiuza za timadontho takuda ta m'misoko ya matiresi, za kafungo kake, za ming'alu ya bedi ndi kuseri kwa zithunzi za pakhoma. Anandiuza kuti mankhwala sapha mazira, n'chifukwa chake wopopera woona amabweranso kachiwiri mazirawo akaswa. Ine ndinkalemba uku ndikudzikanda, ngakhale kwanga kulibe kanthu.

Kenako tinadikira. Ntchito imeneyi siili ngati kuyatsa getsi. Makinawo amayamba abwera kudzawerenga tsamba, n'kuliyesa, n'kuona ngati anthu akulitsegula ndi kukhalapo. Masabata oyamba tinali pa tsamba lachiwiri la zotsatira, kumene kumafika anthu osochera okha. Achimwene ankandiimbira m'mawa uliwonse.

"Takwera?"

"Pang'ono."

"Aulonda aja akufuna yankho mwezi ukatha."

Ine ndinkasintha apa ndi apo. Ndinafupikitsa mawu ofotokozera amene amaoneka pansi pa mutu, ndinachepetsa kulemera kwa tsamba kuti lizitseguka msanga pa foni zotchipa, ndinapempha telala wanga ndi wokonza mafiriji kuti aike pa masamba awo njira yolozera kwa ife. Tsiku lina nditalemba funso la aneba lija, tinatulukira pamwamba pa anyamata a mphemvu. Ndinakuwa ndekha m'kachipinda mpaka mtsikana wa m'shopu anabwera kudzaona ngati ndagwidwa ndi magetsi.

Foni yatsopano ija inayamba kulira. Sutikesi inapukutidwa fumbi. Za ulonda sanazitchulenso, koma sanakanenso, ndipo ine ndinadziwa kuti nkhani ya mwana wawo idakali pakhosi.

Nthawi yomweyo kunabwera uthenga wa kubanja la mnyamata, wotiitana kukadya nawo chakudya chamasana Lamlungu. Kwawoko tinali tisanapiteko, mnyamatayo anati adzatitenga yekha. Lachinayi lake achimwene anandionetsa uthenga wina pa foni ya ntchito, wochokera pa nambala yachilendo. Unati: "Bwerani mawa m'mawa. Lamlungu ndili ndi alendo ofunika kwambiri. Musabwere ndi galimoto yolembedwa." Pansi pake panali malongosoledwe a njira, kudera la mipanda yaitali kumene mabasi safika.

"Bondo likuvuta," anatero. "Undiperekeze pa kagalimoto kako. Koma ukakhala m'galimoto, ndipo zimene ukaone ukazisiye komweko."

Ndinavomera msanga. Zaka zonsezi ndinkafunitsitsa kuona nkhope ya munthu mmodzi yekha mwa anthu amene amalemba mafunso aja.

Tinafika pa geti lobiriwira. Achimwene anatsika, anakonza jekete, anakoka sutikesi yawo n'kugogoda. Ine ndinatsitsa galasi pang'ono. Kachitseko ka pageti kanatseguka, ndipo amene anatulukira atakulunga sikafu m'khosi kunja kukutentha anali Mayi Pukutani.

Mayiwo anayang'ana achimwene, kenako sutikesi, imene anaiona kuseri kwa sofa tsiku lija anapukuta mpando. Achimwene anavula chipewa n'kulankhula ndi mawu awo a ntchito, ngati sanawaonepo chibadwire.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ndi pano pamene mwaitana?"

"Ndi pano," anayankha motsitsa. "Lowani."

Geti linatsekedwa. Ndinakhala m'galimoto ndikudziimba mlandu. Tsambalo ndinalemba ndine, mawu ndinakakamiza ndine, ndipo mwa anthu onse a m'tauni muno makina aja anakatola munthu mmodzi yekhayo amene achimwene ankamubisalira.

Dzuwa litakwera kachitseko kanatsegukanso. Mayi Pukutani anatuluka ndi kapu ya tiyi pambale, anazungulira galimoto n'kutsegula chitseko cha mbali inayo. Mpando wa kagalimoto kanga umakhala ndi nyenyeswa za mabisiketi ndi malisiti akale. Anangokhalapo.

"Andiuza kuti ndituluke, mankhwala ndi amphamvu," anatero akundipatsa tiyi. "Ati alongo awo ali panja."

Kenako anamasula sikafu ija, ndipo ndinaona timatuza tofiira titandandalika m'khosi mpaka kuseri kwa khutu.

"Zinabwera ndi sofa imene ndinagula kwa anzanga osamuka," anatero. "Ndachapa, ndathira madzi otentha, matiresi amodzi ndinawotcha kuseri kwa nyumba n'kunamiza mwana wanga kuti ndi zinyalala. Ine amene ndimaphunzitsa atsikana antchito kuyala bedi! Ndikanauza ndani? Ndinafunsa foni chifukwa foni siseka."

"Munalemba chiyani?" ndinafunsa. Pepani, ntchito ndi ntchito, sindikanatha kudziletsa.

Anandiyang'ana modabwa. "Ndinalemba kuti, kupha nsikidzi msanga alendo asanabwere. Tsamba loyamba linati si uve. Ndinawerenga mzere umenewo ndinalira." Anapinda sikafu pamwendo. "Alendo ake ndinu. Ndimaopa kuti mukakhala pa sofa yanga, kanthu n'kukuyendani pakhosi, mudzati mwana wathu akupita kunyumba yotani."

Kuseka kunandibwera, chisoni chinandibweranso, ndipo ndinangomwa tiyi.

"Alongo anuwa akaulula?" anafunsa.

"Mayi, ine ndinabadwa nawo mimba imodzi. Ndawafunsa zaka zonsezi, sananditchulirepo khomo ngakhale limodzi."

Achimwene anatuluka masana atavala jekete lawo. Pageti anakweza mawu monga mwa nthawi zonse, "Tapita, mupereke moni kwa ana." Motsitsa anawonjezera kuti mawindo akhale otsegula mpaka madzulo, ndipo adzabweranso mazira akaswa.

M'njira pakamwa pankandiyabwa. Ndinapirira mpaka pa mphambano yachiwiri.

"Achimwene, zinali zambiri?"

"Kuti?"

"M'nyumba muja."

"Nyumba iti?"

Ndinawasiya. Chinsinsi cha mayi aja chinali chotetezeka, koma cha achimwene ndi chimene chinali chitatuluka. Loweruka lonse sanadye bwino, ndipo mwana wawo anandiimbira kufunsa ngati bambo akudwala. Ndinati ndi bondo.

Lamlungu mnyamata anatitenga, ndipo tinalowa pa geti lobiriwira lija ngati anthu oliona koyamba. M'nyumba munkanunkhira polishi. Sofa inali pamalo pake, ndipo ndinaona maso a achimwene akuyenda m'misoko yake asanakhale, mwachizolowezi. Mayi Pukutani anatilandira mwaulemu wonse, sikafu ili m'khosi. Patebulo panali achibale angapo, ndipo pafupi ndi ine panakhala malume ake a mnyamata, bambo wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu, amene anapuma ntchito ya bwana kwinakwake ndipo sanafune kuti tiiwale.

Tili m'kati modya nkhuku, malumewo anaika foloko pansi.

"Asewere, tamva kuti muli mu zaukhondo. Kwenikweni mumachita chiyani? Muli ndi kampani?"

Mwana wathu anaweramira mbale yake. Mayi Pukutani anagwira jagi ya madzi n'kuiwala kuthira. Achimwene akanatha kubwereza za mtendere wa pakhomo, ndipo mayi aja sakanawatsutsa, chifukwa aliyense anali atasunga chinsinsi cha mnzake. Achimwene anapukuta pakamwa pang'onopang'ono.

"Ndimapha nsikidzi," anatero.

Aka kanali koyamba kuwamva akutchula mawu amenewo pagulu. Mawuwo anatuluka bwinobwino, denga silinagwe.

Malume aja anaseka chikhakhali. "Nsikidzi! Zikadalipo? Kudera ngati lino ndiye mungafe ndi njala, kuno kulibe zimenezo."

"Mwina," anatero achimwene. "Ine sindidziwa za nyumba za anthu."

Mayi Pukutani anathira madzi aja m'tambula ya achimwene, ngakhale inali isanathe. "Ndi ntchito yofunika," anatero akuyang'ana malume aja, amene ndi mlongo wawo. "Anthu amavutika osanena. Si uve, achimwene, zimakwera basi."

Apo mwana wathu anadzutsa mutu. Anayang'ana bambo ake nthawi yaitali, ndipo ndinaona manyazi akumugwira, osati a ntchito ya bambo ake, koma a yankho lake la tsiku lija. Anatembenukira kwa ine.

"Azakhali, tsamba limene munkakonza lija ndi la bambo?"

"Ndi lawo."

"Amalume," anatero kwa bambo a mimba aja, "mukafufuza pa foni, amene amatulukira pamwamba pa onse ndi bambo angawa. Sukulu yanga yonse analipira ndi mpope umenewo."

Achimwene anayang'ana m'mbale, n'kuyamba kudula nyama imene inali yoduladula kale. Mnyamata wa ku banki anawawonjezera mpunga, nkhani inatembenukira ku mvula, ndipo anthu anapitiriza kudya. Ine ndinaponya diso kumbali. Malume aja anali atatsitsa foni pansi pa tebulo, akulemba ndi chala chimodzi m'kabokosi kofufuzira, dzanja linalo likukanda kuseri kwa khosi.

Lolemba m'mawa ndinapeza achimwene akundidikira pakhomo pa shopu, sutikesi ili pambali. Tinalowa, ndinayatsa kompyuta, iwo anaima kumbuyo kwanga ngati tsiku loyamba lija.

"Tsegula tsamba lija."

Ndinatsegula.

"Pansi pa mutupo ulembe dzina langa. Lonse, ndi la bambo athu."

"Chithunzi?"

"Chithunzi ayi. Aneba akadziwa nkhope yanga, makasitomala anga athawira kuti?" Anayang'ana ndikulemba, anawerenga dzinalo kawiri, kenako anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. Foni ya ntchito inalira m'thumba la jekete. Anawerenga uthengawo n'kukoka sutikesi yawo.

"Ndi a mimba aja?" ndinafunsa.

"A mimba ati?" anatero, n'kutuluka.